Ndege Imene Sinadutse pa Los Alisos

Los Alisos, New Mexico
14 Okutobala 2018

Iwe Facundo,

Landira moni kuchokera kwa ine mlongo wako Adelaida ndi kwa ababa. Uli bwanji kumeneko? Ife tikungoganizira kuti uli moyo, poti kalata yako yomaliza inabwera maapozi asanapse, ndipo pano tathyola kale. Usanamizire foni. Ukudziwa kuti ili kukhitchini, pafupi ndi mpando wa ababa, ndipo palibe mawu angadutsepo iwo osamva. Nchifukwa chake ndikulemba.

Ababa sali bwino. Maso aja anatheratu, pano sasiyanitsanso zenera ndi khoma. Adokotala anandiitanira pambali nkundiuza kuti mtima watopa, ndisayembekeze kuti adzafika nyengo yopala ngalande zothirira minda chaka chamawa. Eni ake akuti dokotalayo ndi mwana, sadziwa kusiyanitsa mtima wotopa ndi mtima waulesi.

Pakamwa pokha ndiye padakali mphamvu. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi anauza anthu kuti mwana wawo amayendetsa ndege yoonera nyenyezi. Msuweni wathu Eloy, umamudziwa, anati, "Amalume, nanga ndegeyo bwanji sitiiona? Kapena imayenda pansi pa nthaka ngati mfuko?" Ababa anati, "Iwe ungaone ndege, munthu woti sunaone ng'ombe yako ikudya nyemba zanga masana dzuwa likuswa mtengo?" Anthu anaseka. Koma tikubwerera kunyumba anandifunsa chapansipansi kuti, "Kodi Lala, ndegeyo siingadutse pano tsiku limodzi?"

Funso ndi limenelo. Madzulo a pa 11 Disembala tidzayatsa moto wa Amayi Maria a ku Guadalupe monga mwa chaka ndi chaka, miyulu ya nkhuni kuyambira patchalitchi mpaka pamlatho. Bwera. Ukalephera kubwera ndi miyendo, bwera ndi ndege yakoyo, udzationere kumwamba.

Yankha msanga, usachite zako zija.

Adelaida


Lancaster, California
28 Okutobala 2018

Achemwali anga okondedwa,

Atamandike Yesu Khristu. Kalata yanu ndinailandira, ndipo za ababa zandisowetsa tulo. Ndapereka Misa m'dzina lawo. Muwauze kuti ndili bwino, kungoti mphepo ya kuchipululu kuno ikung'amba milomo.

Kubwera pa 11 sindingathe. Masabata amenewo ndege imauluka pafupifupi usiku uliwonse ndipo tchuthi sapereka.

Achemwali, pali chinthu chimene ndakhala ndikuchilekerera, ndipo kulekerera bodza nkunama komwe. Ine ndege sindiyendetsa. Sindinanenepo kuti ndimayendetsa, koma sindinatsutsenso. Munthu wa sekondale ngati ine, amene anangophunzira za nyengo ndi mapu kuusilikali, amakhala pansi mu ofesi. Ngakhale oyendetsa enieniwo sasankha njira. Imasankha ndi kompyuta.

Ndifotokoze kuti mumvetse. Akatswiri athu safuna kuwala kumene maso amaona. Amafuna kafungo ka kutentha kochokera ku nyenyezi, kamene chinyontho cha mumpweya chimameza kasanafike pansi. Ndiye anaika makina oonera nyenyezi m'mimba mwa ndege, kuti ikwere pamwamba pa chinyonthocho nkutsegula chitseko. Vuto ndi lakuti chitsekocho chili kumanzere kokha. Ukafuna nyenyezi ya kumwera, ndege ilunjike kumadzulo. Ukafuna ya kumadzulo, ndege ilunjike kumpoto. Mwaona? Nyenyezi ndiyo imagwira chiwongolero. Komanso nyenyezi siima, ikatsika kwambiri kapena kukwera kwambiri makina saifikira. Mafuta nawo ndi a usiku umodzi, ndege iyenera kubwerera pamene inanyamukira. Nthawi zina imayenda mtunda wautali makina akungoyang'ana mdima kuti ipeze njira yobwerera. Umenewo timautcha mtunda wakufa, ndipo abwana athu, mayi Hollis, amadana nawo ngati tchimo.

Opempha ndi ambiri, aliyense ndi nyenyezi yake, aliyense akuti yake ndiye yofunika. Kompyuta imayesa njira zosawerengeka nkusankha imene ikhutitse anthu ambiri. Wina amapeza, wina amagwa. Ntchito yanga ine ndi kuidyetsa zoona: mphepo ikuombera kuti, ndipo ndi mbali ziti za mlengalenga zimene asilikali atseka tsiku limenelo. Zimene ndaiuza imakhulupirira, sifunsa kawiri.

Nkhani yabwino ndi iyi. Chaka chilichonse ife a mu ofesi amatipatsa mpando kamodzi, ndipo ine ndapempha ulendo wa pa 11. Andilola. Kumene tidzalowere sindikudziwa. Mulungu akalola mwina tidzadutsa chakwanuko.

Muziwapempherera ababa, inenso musandiiwale.

Mlongo wanu,
Facundo


Los Alisos
9 Novembala 2018

Facundo,

Moni. Ababa akudya pang'ono, miyendo yayamba kutupa. Iwe milomo uzipaka mafuta, si nkhani yolembera anthu m'kalata.

Kalata yako ndinawawerengera ababa yonse, ngakhale paja unati suyendetsa ndege. Ndimayesa akhumudwa. Anangoti, "Woyendetsa ndi wantchito chabe. Mwana wanga ali kwa ogawa." Anandiwerengetsa kawiri za kompyuta ija, kenako anati, "Ndiye kuti ndi kapitawo wa ngalande ameneyo. Madzi ochepa, minda yambiri, aliyense akulira." Madzulo onse anakhala akukamba za zaka zimene anali kugawa madzi m'chigwa muno. Anakumbutsanso za chilala chija, pamene tsabola wathu anauma madzi akudutsa pachipata cha munda wathu kupita kwa mayi Sinforosa amasiye, chifukwa tsikulo linali lawo. Ukukumbuka mmene amayi athu analirira? Ine ndikukumbuka kuti chaka chimenecho tinadya nyemba zopanda tsabola ngati odwala.

Koma tamvera chimene wachita. Unalemba kuti "Mulungu akalola mwina." Ababa "mwina" sanamumve. Akuti Mulungu alibe chifukwa chokanira. Auza wansembe, auza a positi, auza ndi munthu wobweretsa gasi. Mudzi wonse ukudziwa kuti pa 11 Facundo adzadutsa. Amuna awonjeza miyulu ya nkhuni kuti mzere ukafike kumanda, ati uwoneke bwino kumwamba. Eloy akuti ndege ikadutsadi adzapala yekha gawo lathu la ngalande, ikapanda kudutsa ababa adzamupatse fosholo yawo ija ya chigwiriro cha mkungudza. Ababa avomera.

Sindinawaonepo akudikira chinthu chotere chimwalirire amayi. M'mawa uliwonse amafunsa tsiku. Ndiye iwe ndi kompyuta yakoyo muone chochita. Ngati imakhulupirira zilizonse zimene waiuza, iuze kuti uli ndi bambo.

Adelaida


Lancaster
25 Novembala 2018

Ababa okondedwa,

Atamandike Yesu Khristu. Muli bwanji? Ndamva za miyendo, muziikweza pampando monga ananenera adokotala, musamakangane nawo.

Njira ya pa 11 yatuluka. Tidzanyamuka dzuwa likulowa nkulunjika kum'mawa, ndipo tidzadutsa pamwamba pa Los Alisos anthu atangotha kudya chamadzulo. Tidzakhala kumwamba kwambiri, mudzamva kaphokoso chabe, kobwera mochedwa. Yatsani moto. Eloy anole fosholo yake.

Mwana wanu,
Facundo

(Achemwali, pepala lachiwirili ndi lanu nokha. Musawawerengere.)

Ndachita chinthu ndipo ndilibe munthu womuuza. Njira yoyamba imene kompyuta inatulutsa sinali yopita kwanu. Inali yopita kumpoto. Chifukwa chake ndi mtsikana wina wa ku Germany, dzina lake Maren, amene akumaliza maphunziro ake apamwamba. Iyeyu akufufuza mtambo wa fumbi mmene mukubadwa nyenyezi zatsopano. M'Disembala mtambowo umakhala kumadzulo ndipo umalowa usiku usanakule, choncho uyenera kuonedwa ndege itangonyamuka, ikupita kumpoto. Nthawi yake ndi yomweyo imene inu mumayatsa moto.

Ndinayang'ana njirayo tsiku lonse. Kenako ndinauza kompyuta kuti madzulo a pa 11 asilikali atseka mlengalenga mwa kumpoto, cha ku Nevada. Amatsekadi kawirikawiri, palibe amene amadabwa. Koma tsiku limenelo sanatseke. Kompyuta sinandifunse kanthu. Inaganiza pang'ono nkutulutsa njira ina yopita kum'mawa, yoonera nyenyezi za anthu ena, yodutsa pamutu panu ngati ndinachita kujambula ndi dzanja. Mtambo wa Maren unagwa, ndipo kumapeto kunalowa mtunda wakufa. Mayi Hollis anatukwana asilikali nkusayina.

Ndimadziuza kuti nyenyezi sizithawa, pamene bambo ndi mmodzi. Kodi si zoona, achemwali? Lamulo lachinayi likuti lemekeza atate ako. Koma Lamulungu sindinapite kukalandira Ukaristia. Ndinakhala pabenchi ngati mlendo.

Mundiyankhe, ngakhale mondikalipira.

F.


Lancaster
5 Disembala 2018

Achemwali,

Moni. Simunandiyankhe, ndipo sindikudziwa ngati ndi mkwiyo kapena ndi positi. Ndamva kuti kwanuko kwagwa chipale chofewa chambiri. Nkhuni zophikira zilipo? Ababa akugona bwanji?

Musayatse moto chifukwa cha ine. Ndege siidutsa.

Lolemba Maren anafika kuchokera kwawo. Anabwera mu ofesi ndi chitini cha mabisiketi a Khirisimasi amene amayi ake anaphika, nkumagawira aliyense. Atafika pa ine anati, "Inu ndinu a Facundo a zamphepo? Tandiuzani, asilikali anuwa sangapite kokagona msanga tsiku limodzi lokha?" Ananena moseka. Ine ndinati asilikali ndi ovuta, mayi. Ndinatenga bisiketi.

Ndinamufunsa ngati sangaone mtambo wake ulendo wina. Anati ayi. Chida chimene chimamva kutentha kwa mtambo wotere achichotsa pa makina sabata yomweyo kuti aikepo cha anthu ena. Chikamadzabwerera, mtambowo udzakhala uli kuseri kwa dzuwa, ndipo nthawi imene sukulu yake inamupatsa idzakhala itatha. Chaka chatha ulendo wake unalephereka chifukwa chitseko chinakana kutseguka. Anati, "Ndabwerabe, mwina asilikali asintha maganizo. Agogo anga amati ukafuna basi uzikhala pa siteji." Ndiye kuti ndinalakwitsa, achemwali. Nyenyezi zimathawa.

Bisiketi ija ndinaiika m'thumba. Usiku ndinakumbukira tsabola wathu uja. Ndinali wamng'ono koma ndikukumbuka kuti ndinagwira thabwa lotsekera madzi pachipata kuti ndilikweze pang'ono, madzi alowe ngakhale mzere umodzi. Ababa sanandimenye. Anangoponda thabwalo ndi phazi mpaka madzi onse atadutsa.

Lachiwiri ndinakalapa. Wansembe wa kuno ndi wa ku Vietnam, wosachulutsa mawu. Anandifunsa kuti, "Chimene unabacho chingabwezedwe?" Ndinati inde, mpaka Lachisanu. Anati, "Ndiye ukufuna chiyani muno?"

Lero m'mawa ndawauza mayi Hollis zonse. Anavula magalasi. Anati, "Facundo, ukanandipempha." Ndinati, mukanalola? Anati, "Ayi. Koma ukanandipempha." Tachotsa bodza lija, kompyuta yabwezera njira ya kumpoto. Mpando wanga wa pa 11 andilanda, ndipo kuyambira tsopano zonse zimene ndikuuza kompyuta azionanso munthu wina. Ngati ntchito ikhalepo ndidzamva mu Januwale. Maren angomuuza kuti mlengalenga mwatseguka. Anandikumbatira. Zimenezo zinandiwawa kuposa za mpando.

Madzulo ano ndinaimba foni kuti ndinene ndekha. Anayankha ndi ababa. Ndisanatsegule pakamwa anati, "Woyendetsa nyenyezi! Nkhuni zauma, mwana wanga, zikungodikira iwe." Ndinafunsa za chipale, ndinafunsa za galu, nkudula. Ndine wamantha, mukundidziwa. Chonde auzeni ndinu, mumadziwa kuika mawu.

Facundo


Los Alisos
14 Disembala 2018

Facundo,

Moni. Tili moyo. Makalata ako ndi awa ali pathebulo. Ija ya mapepala awiri inafika bwino, ndipo sindinayankhe chifukwa ndinalibe chonena. Ndine ndinakuuza kuti uiuze kompyuta kuti uli ndi bambo, ndiye ndikanakukalipira ndi pakamwa pati? Koma iyi yoti ndege siidutsa yafika dzulo. Galimoto ya positi inakhala masiku osakwera kuno chifukwa cha chipale. Munthu wamkulu ngati iwe, nkhani yotere nkuiika mu envelopu? Unali ndi foni m'manja!

Ndiye tamvera mmene zinayendera. Pa 11 kunacha kopanda mtambo, kozizira koti mphuno kuuma. Titatha kupemphera korona m'tchalitchi, amuna anayatsa miyulu yonse mpaka kumanda. Sindinaonepo moto wotere pa Los Alisos. Ababa tinawanyamula ndi mpando wawo, tinawafunditsa mabulangete atatu nkuwakhazika pabwalo la tchalitchi. Anavala chipewa chawo cha pa ukwati. Anthu anabwera ndi ochokera kumidzi ya kumunsi. Aliyense khosi m'mwamba.

Tinadikira. Ana anayamba kulira ndi kuzizira. Eloy anayamba zake: "Amalume, foshoyo mwabwera nayo, kapena ndikatenge ndekha?" Ababa anati, "Khala chete, ukundiphimbira kumwamba ndi pakamwa pakopo."

Moto utayamba kutsika, ababa anakweza dzanja. Ife sitinamve kanthu. Kenako tinaona kanyali kakuphethira kutali pakati pa nyenyezi, ndipo pambuyo pake kaphokoso, monga unanenera. Ababa anavula chipewa nkunena kuti, "Ndi ameneyo." Anthu anakuwa, wina analiza belu, amayi a m'bungwe la Maria anayamba nyimbo. Eloy anakuwa kuposa onse, akugwetsa misozi, chitsiru chija, nkumati, "Facundo! Msuweni! Tatsika tidye!" Ine ndinakuimikira dzanja mpaka phewa kuwawa.

Ndiye dzulo ndikuwerenga kuti iwe unali pansi ku California, ndipo ndege yako inali kwina. Ndinaimikira dzanja anthu osawadziwa.

Tsopano mvera ine, ndine wamkulu. Ababa sindinawauze ndipo sindiwauza. Chiyambire tsiku lija akudya bwino, akugona bwino. Iwe ndi kulapa kwako ukhale nako komweko. Wauza wansembe, wauza abwana, wandiuza ine, zakwana. Ukayerekeza kuimba foni nkuyamba zija za "ababa ndachimwa," ndidzabwera konko ndi basi.

Za ntchito ndikupempherera. Uzidya.

Adelaida


Los Alisos
19 Disembala 2018

Mwana wanga Facundo,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi Lala, ndipo ndamuuza kuti alembe zimene ndikunena, osati zimene akufuna iye. Akulemba atakwiya, ndikumva mmene cholembera chikukandira pepala.

Uli bwanji? Ine miyendo ndi yomweyo. Galu ali bwino, poti unamufunsa.

Inu ana mumayesa munthu akafa maso wafanso mutu. Kalata ija inali ya mapepala awiri. Ndinamva akuwatulutsa mu envelopu, koma anandiwerengera limodzi. Kenako unaimba foni nkumafunsa za galu. Iwe chibadwire sunafunsepo za galu. Ndinangodziwa kuti pali chimene chikukudya.

Ndipo ndege ija ndimaidziwa. Imadutsa madzulo alionse kupita ku Denver, nthawi imene Lala amatsuka mbale. Ndakhala ndikuimva chifere maso anga. Inu simuimva chifukwa muli ndi zambiri zoti muziona. Yako unati idzachokera kumadzulo, iyi inachokera kumwera monga mwa masiku onse. Koma anthu anali atawotcha nkhuni za mwezi wathunthu, ana akunjenjemera, ndiye ndikanati chiyani? Ndinavula chipewa. Limenelo ndi bodza langa, ndikalapa ndekha, usandithandize.

Dzulo ndinamuuza Lala kuti sindimwa mankhwala mpaka andiwerengere mapepala onse. Wawerenga. Pa pepala lija unanamiza makina ndinamva manyazi, sindikubisira. Ukanadutsa pano ndi madzi a mwana wa eni ake, ine nkuvula chipewa, bwenzi utandiveka chisoti cha wakuba pamaso pa mudzi wonse, ine osadziwa. Pa pepala lija unabweza zimene unaba ndinamuuza awerenge kawiri.

Za thabwa lija ukukumbuka mbali imodzi. Ukuti ndinaliponda. Sukudziwa kuti ndinaliponda chifukwa dzanja langa lomwe linkafuna kulikweza. Tsabola ameneyo ndinabzala ndine. Ukuganiza kuti sindinkafuna kuti udutse? Ndinkafuna, mpaka pano ndikufuna. Koma madzi akamadutsa pachipata chako tsiku la mnzako, chako ndi phokoso lokha. Ine phokoso ndinalimva, landikwana.

Eloy ndamuitana ndamuuza zoona, ndamupatsa fosholo. Anakana, akuti iye anaona ndege ndi maso ake ndipo munali iwe, unamuimikira dzanja pazenera. Ndamuuza kuti atenge asanandikwiyitse. Watenga, koma akuti gawo lathu la ngalande adzapalabe, poti fosholo yabwino imafuna ntchito. Ena onse asiye akhulupirire zimene anaona, sindingayende khomo ndi khomo ndi miyendo iyi.

Abwana akowo akakuchotsa, ubwere, munda ulipo. Akakusunga, ubwerebe nyengo yopala ngalande, pa msewu ngati munthu. Ukandipeza, wandipeza. Ukapanda kundipeza, ukaime pachipata madzi oyamba akamalowa.

Koma pali chimene chandikwiyitsa. Makalata onsewa, mapepala onsewa, machimo ako onse mwatsatanetsatane, ndipo mpaka lero palibe amene wandiuza chinthu chimodzi chimene ndikufuna kumva. Mtsikanayo mtambo wake anauona? Munda unamwa kapena sunamwe?

Imba foni. Ndili pompano pampando.

Bambo ako,
Onesimo Archuleta